Chimbale Chimene Chinakana Nduna

Padangokhala, masiku aja nyama zinkalonga mafumu ndi kuweruzana milandu monga anthu, kunali dziko lina kumene masewera otchuka anali oponya chimbale. Chimbalecho chinali chosema, chozungulira ngati chivundikiro cha mphika. Kutali uko ankapachika dengu pamzati, ndipo wopambana anali amene wagwetsa chimbale chake m'dengumo ataponya kochepa kuposa anzake. Njira ya kudengu inkadutsa pampita wopapatiza, ndipo kumanzere kwa mpitawo kunali mkuyu.

Mkuyu umenewo unali nyumba ya Gologolo. Iye anabadwira m'mphako yake, bambo ake anabadwiranso momwemo, ndipo ankaunyadira mopitirira muyeso. Ukamufunsa njira ya kumadzi, ankayamba wakuuza za mkuyu wake, za madzizo pambuyo. Chaka chimenecho mkazi wake anali atangobereka kumene, ndipo anawo anali asanaphenye, oti sungawanyamule kupita nawo kwina.

Chaka chomwecho mfumu yakale inamwalira, ndipo analonga mphwake, Kambuku, amene anakulira kutsidya kumene kulibe masewerawa. Tsono mwambo unali wakuti mfumu yatsopano ndiyo imatsegulira masewera. Inkaponya chimbale choyamba dziko lonse likuona, ndipo chimbalecho chinkayenera kudutsa pampita osagunda mtengo. Kambuku anali asanagwirepo chimbale chibadwire, koma sanauze aliyense.

Zimbalezo sizinali zofanana ayi. Panali chonenepa m'mphepete, chogwetsera m'dengu ukafika pafupi. Panali cha mumpita, chopepuka, cha mkombero waung'ono woti zala zigwire bwino, chouluka mosathamanga koma molunjika. Ndiye panali cha akatswiri, cholemera, chakuthwa m'mphepete, cha mkombero waukulu. Chimenechi chikapeza mkono wozolowera chinkapita kutali zedi, koma mkono wosaphunzira chinkaunyoza. Chinkangouluka pang'ono, n'kukhotera kumanzere, n'kugwa. Mwana aliyense m'dzikomo ankadziwa zimenezi. Mfumu yokha ndiyo sinkadziwa, ndipo ndani akanalimba mtima kuiuza?

Nduna yaikulu inali Nyani, katswiri wosagonja pamasewerawa, amene mumtima mwake ankaona kuti mpando uja ukanamuyenera iyeyo. Kambuku anamuitana n'kumufunsa, ngati akungocheza, kuti chimbale chabwino koposa ndi chiti.

“Mfumu siponya za anthu wamba,” anatero Nyani. “Tengani changachi. Dzina lake ndi Mphenzi.”

Mphenzi chinali cholemera kuposa zonse, chakuda, chonyezimira. Kambuku anachikonda atangochiona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anapita kukayeserera akuluakulu okhaokha akuona. Kambuku anakukuta mano n'kuponya ndi mphamvu zonse za kambuku. Mphenzi chinanyamuka bwino, kenako chinapendekeka, chinakhotera kumanzere, n'kukagunda mkuyu kuti gwa! Nkhuyu zinayoyoka. Akuluakulu onse anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Nyani sanachedwe. Anati dzanja la mfumu lilibe mlandu, mtengowo ndiwo wakula mwano, ndipo ndi bwino Njovu, kapitawo wa ntchito za kwa mfumu, augwetse tsiku la masewera lisanafike. Kambuku, amene manyazi anali atamugwira mpaka m'makutu, anavomera msanga.

Zonsezi Gologolo ndi mkazi wake ankazimva ali m'mphako.

“Bambo a ana, mwamva?” anatero mkaziyo. “Anawa tilowera nawo kuti?”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Gologolo anatsika, anakhala pansi chapatali, n'kuwomba m'manja.

“Wawa, Mfumu. Mtengo ndi wanu, ifenso ndife anu. Koma chitsa sichisunga chinsinsi. Aliyense wodutsa pano adzafunsa kumene mkuyu unapita, ndipo adzamuyankha kuti unagonjetsa mfumu, mfumuyo n'kuitana Njovu.”

Ndevu za Kambuku zinanjenjemera. Mawuwo anamubaya pamene pankapweteka. Analamula kuti mtengo uime kaye, chifukwa iye augonjetsa ndi dzanja lake. Koma anawonjezera kuti nthawi iliyonse imene mkuyu ugwire chimbale cha mfumu, Njovu aziukankha kamodzi. Njovu anauzunguliza chitamba mtengowo, anaugwedeza pang'ono, n'kunena kuti kukankha kwachitatu ndiko kudzaugoneke pansi.

Gologolo anathamangira kwa Nungu, mmisiri wosema zimbale, n'kubwereka cha mumpita chatsopano. M'mawa mwake anachipereka kwa mfumu ndi manja awiri. Anafotokoza bwinobwino kuti ichi n'chopepuka, zala zimachigwira mosavuta, ndipo sichifuna mkono wothamanga. Akanalekera pomwepo mwina zikanayenda. Koma pakamwa pa Gologolo sipankadziwa kutseka.

“Aliyense woyamba kumene amayambira pamenepa, Mfumu.”

“Woyamba kumene ndani?” anafunsa Kambuku.

“Akunena inu, Mfumu,” anatero Nyani. “Akuti ndinu khanda.”

Kambuku anakankhira chimbale chija kumbali ndi phazi, n'kutenga Mphenzi.

Panali nyimbo imene ankaimba poperekeza chimbale, ndipo chifukwa Gologolo ankakhala pampita pomwepo, ndiye ankaitsogolera. Wotsogolera ankapempha chimbale kuti chiyende ngati mthenga wotumidwa, chisapatukire kwa apongozi kukapempha madzi, ndipo ovomera ankachikumbutsa kuti dengu lakhala likudikira kuyambira m'mawa. Gologolo anaiyamba, akuluakulu anavomera, koma asanafike ndi pakati pomwe, Mphenzi chinapatukira kwa apongozi. Gwa!

Njovu anatsamira mphumi pamtengo n'kukankha. Mizu inalira pansi, ndipo ana m'mphako analiranso. Tsiku limenelo Gologolo anaphunzira kuti choona ukachipereka kwa mfumu chosavala, chimabwerera ndi mabala.

Tsiku lotsatira anabwera ndi nzeru ina. Za chimbale sanatchulenso. Anangoti anamva kwa bambo ake kuti mafumu akale sankaloza pakati pa mpita ngati anthu wamba, koma ankaloza kumanja kwambiri, n'kuchisiya chimbale chibwerere chokha ngati galu wodziwa kwawo. Maganizo ake anali akuti Mphenzi chikamakhota chizigwera mumpita, mkuyu n'kupulumuka. Kambuku anakonda kumva za mafumu akale, ndipo analoza kumanja.

Gologolo anayambanso nyimbo ija, kupempha mthenga kuti asapatuke, akuluakulu n'kumavomera za dengu lodikira. Chimbale chinapitadi kumanja, ndipo mtima wa Gologolo unayamba kuvina. Kenako chinakhota, chinadutsa mpita wonse chopingasa, n'kukagunda mkuyu pakhomo penipeni pa mphako.

Njovu anakankha kachiwiri. Mkuyu unapendekeka, mizu ya mbali imodzi inatuluka panja, ndipo mtedza umene banjalo linasunga unakhuthukira pansi. Nyani anatolako pang'ono n'kumatafuna. Anakumbutsa onse kuti mawa ndi tsiku la masewera, ndipo Njovu adye mokwanira.

Gologolo atakwera kunyumba anapeza mkazi wake atakumbatira ana ndi miyendo yonse inayi kuti asagubuduke. Mkaziyo sanamupatse moni.

“Nzeru zija mumadzitama nazo pamowa zili kuti? Mawa tigona pansi ngati achule.”

Gologolo anachita manyazi, anachitanso mantha. Anayamba kutolera timtedza totsala, ndipo pofuna kuvundikira nkhali anagwira chivundikiro chake n'kuima chilili. Chivundikirocho chinali Chaana.

Chaana chinali chimbale cha mumpita chakalekale, chopanda mwini. Banja lililonse lokhala ndi mwana wofuna kuphunzira linkachibwereka, mwanayo akadziwa n'kuchipereka kwa ena. Chinafika kwa Gologolo kudzadikira kuti makanda aja akule, mkazi wake n'kuchisandutsa chivundikiro. Chinali chitagunda mitengo yonse ya m'dzikomo mpaka m'mphepete mwake munasalala. Ndipo chimbale chikakalamba chotero chimakhala ndi khalidwe lake. Mkono wofewa chimaumvera n'kuyenda molunjika, koma mkono wa katswiri ukachiponya ndi ukali, chimatembenukira kumanja n'kugwa chammbali.

Gologolo anayamba kuseka, mpaka mkazi wake anaganiza kuti mutu wazungulira.

“Mayi a ana, mafuta ansatsi aja atsala? Ndi nyanda ija munafunda paukwati?”

Kutacha anakumba katondo, anamusakaniza ndi mafuta, n'kupaka Chaana mpaka chinafiira ngati chochokera kumanda a mafumu. Anachikulunga m'nyanda n'kumanga ndi luzi.

Dziko lonse linasonkhana. Njovu anali ataima kale pafupi ndi mkuyu. Kambuku anali atanyamula Mphenzi, nkhope ili gwa. Gologolo anafika mochedwa dala, atasenza phukusi, n'kukakhala kumapeto kwa bwalo akulibisa kumbuyo kwake mwa njira yoti aliyense aone kuti akubisa kanthu.

“Iwe, chimenecho n'chiyani?” anafunsa Kambuku.

“Palibe kanthu, Mfumu. Ndikungosamutsa katundu mtengo usanagwe.”

“Bwera nacho kuno.”

Gologolo anabwera akukoka miyendo. Anamasula luzi pang'onopang'ono, ndipo chimbale chofiira chitaonekera anawomba m'manja katatu ngati akulonjera manda. Anati chimenechi ndi chimbale cha mafumu, chimene makolo ake anapatsidwa kuti asunge m'mphako ya mkuyu. Anati sanafune kuchitulutsa chifukwa chili ndi khalidwe loipa. Chimamvera yekhayo amene ufumu uli m'magazi mwake, ndipo wina aliyense chimamukana n'kumuyalutsa pagulu.

Nyani anaseka mokweza n'kunena kuti chimbale choti chimukane iye sichinasemedwe.

“A Nduna, chonde musayese,” anatero Gologolo. “Ndinu akuluakulu, ndipo ana akuona.”

Mukafuna kuti nyani akwere mtengo, muuzeni kuti nthambi zake sizingamunyamule. Komanso Nyani anaona mwayi. Chimbale cha mafumu chikamumvera iye dziko lonse likuona, anthu akanayamba kufunsana ngati analonga woyenera. Anachitsomphola, anabwerera m'mbuyo, anathamanga, n'kuchiponya ndi mkono wonse umene ankaponyera Mphenzi.

Gologolo anali atangoyamba kupempha mthenga kuti asapatuke. Ovomera sanapeze mpata wotchula dengu. Chimbale chinakwera, chinatembenuka, chinagwera kumanja chammbali, n'kugubuduka ngati chikuthawa ngongole mpaka chinalowa m'chitsamba cha chitedze.

Anayamba kuseka ndi ana, kenako amayi awo, kenako dziko lonse. Kambuku analamula kuti woponya ndiye akatole. Nyani analowa m'chitedze, ndipo anatulukamo akudzikanda ndi manja ndi mapazi omwe. Koma potuluka anali ataona kanthu. Katondo anali atachoka m'mphepete, ndipo pamenepo panali zipsera za mano. Anawadziwa manowo. Anali ake, a tsiku lina ali mwana pamene analuma Chaana chifukwa cha mkwiyo atalephera kudutsa pampita.

Anatsegula pakamwa kuti aulule. Gologolo anali atalumphira kale paphewa pake, ngati akumuthandiza kuchotsa chitedze, n'kumunong'oneza m'khutu.

“Nenani, a Nduna. Auzeni onse kuti chimbale cha ana chakukanikani. Mukatha pamenepo muwauzenso a Mfumu chifukwa chimene munawabisira chotere n'kuwapatsa Mphenzi.”

Nyani anapereka chimbale kwa mfumu atagwada, n'kukakhala pansi kupitiriza kudzikanda.

Tsopano mantha anagwira Kambuku. Chimbale chakana nduna, nanga chikakananso iye dziko lonse likuona? Koma kubwerera m'mbuyo kukanakhala kuvomera yekha kuti alibe ufumu m'magazi. Anachitembenuza m'manja, anachinunkhiza, n'kufunsa chapansipansi kuti chimenechi amachiponya bwanji.

“Sachithamangira, Mfumu,” anatero Gologolo. “Imani pamalo amodzi. Chigwireni chogona, pachifuwa, ngati lichero la ufa loti usatayike. Ndiye muchiperekeze ngati mlendo. Musachikankhe.”

Njovu anatsamira mphumi pamkuyu. Gologolo anayang'ana kumphako, ndipo anaona mkazi wake atasuzumira, ana ali pachifuwa. Anayamba nyimbo, kupempha mthenga kuti ulendo uno wokha asapatukire kwa apongozi. Woyamba kuvomera anali mkazi wake, kuchokera m'mwamba muja, ndipo dziko lonse linamutsatira pokumbutsa chimbale za dengu lodikira.

Kambuku anaponya.

Chimbale chinachoka m'dzanja lake mofatsa, osagwedera. Chinalowa pampita pakati penipeni. Chinadutsa mkuyu osakhudza ngakhale tsamba, ndipo chinapitirirabe, osathamanga, osatopa. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kuyeserera, nyimbo ija inaimbidwa mpaka kumapeto. Itatha, chimbale chinapendekeka pang'ono n'kukagona patsinde pa mzati wa dengu.

Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kumene Kambuku anakulira. Njovu anachotsa mphumi pamtengo n'kuliza chitamba chake ngati lipenga. Kambuku anaima chilili akuyang'ana dzanja lake, ndipo ananyada, kunyada kwenikweni kwa munthu amene wachita chinthu ndi dzanja lake. Anayenda yekha mpita wonse, anatola chimbale, n'kuchigwetsera m'dengu.

Pobwerera anakodola Gologolo kuti ayandikire, n'kuwerama mpaka ndevu zake zinakhudza khutu la Gologolo.

“Iwe, ukuyesa kambuku alibe mphuno? Katondoyu ndi wa m'mawa uno. Pansi pake pakununkha manja a ana onse a dziko lino.”

Mchira wa Gologolo unagwa pansi.

“Munadziwa liti, Mfumu?”

“Ndisanaponye.”

“Nanga munaponyeranji?”

“Chinakwana m'dzanja langa,” anatero Kambuku. “Mphenzi sichinakwanepo.”

Kenako anawongoka, anakweza chimbale chija m'mwamba, n'kulankhula kuti onse amve. Anati ichi ndi chimbale cha mafumu ndithu, pakuti mfumu yachiponya ndipo chamvera. Anati kuyambira tsiku limenelo aliyense wofuna kuphunzira, kaya ndi mwana wa mbewa kaya ndi nkhalamba yochokera kutali, aziyambira pa chimenechi kapena china chofanana nacho, ndipo wonyoza woyamba kumene adziwe kuti akunyoza mfumu. Mphenzi anachibwezera kwa Nyani, n'kumuuza kuti achisunge bwino, chifukwa mkono wa mfumu ukadzakhwima adzabwera kudzamugonjetsa nacho chomwecho.

Atatero analamula Njovu kuti azungulire mbali inayo akawongole mkuyu. Gologolo analumphira kutsogolo kwa Njovu n'kuwomba m'manja.

“Wawa, Mfumu, ndapota nanu. Mizu aikwirire, koma mtengo ausiye wopendekeka.”

“Ukufuna kukhala m'nyumba yopendekeka?”

“Ana anga akadzaphenya adzafunsa chimene chinaupendeketsa. Ndikufuna ndidzakhale ndi chowauza.”

Mkazi wake anadandaula za nkhali zosakhazikika mpaka anakalamba, koma ndi iye yemwe amene ankaikamba nkhaniyo kwa aliyense wobwera kudzabwereka Chaana, ndipo mbali ya amene anayamba kuvomera nyimbo sankaidumpha.

Mkuyu uja unakhalabe chopendekeka, ndipo unabereka nkhuyu chaka chimenecho kuposa kale. Chifukwa cha chitedze chija, mpaka lero mukaona nyani, manja ake sapuma kudzikanda. Ndipo mukaona gologolo atakhala panthambi, mchira uli m'mwamba ngati mbendera, akuyang'ana aliyense wodutsa pansi, musamufunse njira ya kumadzi ngati muli pachangu. Ayamba wakuuzani za mtengo wake.

Yanga yathera pamkuyu pomwepo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule isanapserere.